Makutu Anga ndi Nyumba ya Agogo

Nyumba imene ndinakuliramo sinali yathu. Inali ya esiteti, imodzi mwa nyumba za njerwa zondandalikana kumunsi kwa fakitale ya tiyi, ndipo lamulo lake aliyense kukomboni ankalidziwa: nyumba imatsata munthu wolembedwa ntchito. Mayi anga atamwalira ndili wamng'ono, olembedwa anali agogo. Anathyola tiyi mpaka msana unakana. Chaka chimene anawapumitsa ndi chomwe ine ndinalowa m'fakitale, choncho nyumba inasamukira pa dzina langa ife osasuntha ngakhale mphika. Kwina kopita kunalibe. Makolo a agogo anachokera ku Mozambiki ndipo sanasiye munda paliponse.

Anandiika pa makina odula masamba. Tsiku loyamba anandipatsa ovololo, magambuti ndi timphira tiwiri totsekera m'makutu. Ndili mkati motivala, bambo wachikulire amene ankandiphunzitsa ntchito anandigwira mkono.

"Chotsa zimenezo. Makinawa amalankhula. Beringi, kachitsulo kozungulira m'katimu, ikauma girisi imayamba kulira tiii, kamawu ngati ka udzudzu. Ukachedwa kumva, yapsa, ndiye iwe ndi akapitawo mukacheza bwino. Timphirato n'ta alendo."

Zinalidi choncho. Timphira tinkakhala m'thumba la ovololo. Kukamveka kuti kukubwera ogula tiyi kapena oyendera, tonse tinkativala, galimoto yawo ikangotuluka pageti tinkatibweza m'thumba. Wovala tsiku wamba anzake ankamuchitira sawatcha n'kumutchula kuti bwana. Ine sindinali munthu wotsutsa. Ndinachita zimene ndinaona anzanga akuchita kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkanyadira kuti beringi ndinkaimva ndili kutali.

Sindidziwa kuti zinayamba liti. Tsiku lina m'chilimwe ndinauza agogo kuti chaka chino nyenje zatha, mwina ndi mankhwala opopera m'minda. Agogo anavomera, koma iwo makutu anali atapita kale. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankayanika zovala, anaima n'kundiyang'ana.

"Zatha? Achimwene, izi zikutiboola mitu chonchi?"

Ndinaseka nawo, n'kulowa m'nyumba.

Patapita miyezi, pakhomo la fakitale anamata chikalata chakuti aliyense wa pa makina akayezedwe makutu ku chipatala cha esiteti. Palibe anatiuza chimene chidzachitikire wolephera, choncho tinadziuza tokha. Ambiri ankati imeneyi ndi njira yochepetsera anthu.

Pa nkhomaliro mnzathu wokonza magetsi anatulutsa foni. Anali atapeza pa intaneti kaphokoso koyezera makutu. Kankayamba kokhuthala ngati ng'ombe yolira kutsidya, kenako n'kumapyapyala, n'kumapyapyala, uku nambala ikukwera pagalasi. Tinakhala paudzu kuseri kwa shedi ya nkhuni, anthu asanu ndi awiri, manja m'mwamba. Ukasiya kumva, utsitse.

"Aise, osabera, ndikukuonani nonse," anatero mwini foni.

Woyamba kutsitsa anali mkulu wa pa boyila.

"Pa 9,000! Akulu, kaguleni ndodo, ukalamba wafika!"

"Ndodo agule abambo ako. Mkazi wanga akamalalata ndimamva bwinobwino."

"Alamuwo ndiye timawamva ndi ku Limbe komwe."

Onse ankaseka. Ine phokoso linali litandithera nambala isanafike 5,000. Silinachepe pang'onopang'ono, linangoduka ngati wina watseka chitseko. Ndinayang'ana manja a anzanga, ali chiimire, langanso ndinalisiya m'mwamba. Ndinatsitsa pamodzi ndi munthu wachitatu.

"Mwana wa agogo ali bwino," anatero mwini foni, ndipo palibe anandiyang'ananso.

Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuwerenga nkhope ndi manja a anthu, kuti adziwe ngati mbale ikubwerayo ndi yake kapena ingomudutsa. Luso limenelo ndilo linali likundibisa, ngakhale kwa ine mwini. Madzulo a tsikulo ndili pa makina ndinadzigwira: beringi sindinkaimvanso. Ndinkaona mutu wa mnzanga ukutembenuka, ine n'kuthamangira girisi. Ndikakhala ndekha ndinkayenda ndikugwiragwira zitsulo ngati zatentha.

Panatsala masabata awiri kuti ndikayezedwe. Ndinachita zonse zimene ndinamvapo. Ndinatokosa m'makutu ndi nthenga ya nkhuku, poganiza kuti mwina ndi phula. Ndinadonthezamo mafuta ophikira ofunditsa. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Boma kukagula mankhwala odontheza, ndipo anandiwawa mpaka misozi. Timphira ndinayamba kutivala mobisa pansi pa chipewa, ngati munthu wotseka khola mbuzi zitatuluka. Lamlungu ndinabwereka foni ija, ndinanama kuti ndikufuna kumvera nyimbo. Ndinakhala pamphasa n'kuika foni kukhutu lamanja, kenako lamanzere, kubwereza mwina ka makumi atatu. Nthawi zonse phokoso linkafera pamalo omwewo. Ndinayesa kugwira mpweya. Ndinayesa kutsinzina. Ndinayesa kupemphera kaye.

Agogo ankandiyang'ana ali pakhomo.

"Ukuimbira ndani amene sakuyankhayo?"

Ndinapukusa mutu. 

Amene anayamba kuyezedwa anabwera ndi nzeru. Anati anamwino amadina batani ndi dzanja lamanja kuseri kwa kabokosi, dzanjalo silioneka koma chigongono chimagwedera. Anthu ankauzana zimenezi monong'ona ngati mayankho a mayeso. Ine ndinapeza mpumulo pang'ono. Ngati nkhani ili ya kuyang'ana, palibe m'fakitale monse amene akanandiposa.

Tsiku langa kunali chiperoni. Ndinafika m'mawa zovala zili chinyontho, ndinakhala pabenchi mpaka ananditchula. Chipindacho chinali chaching'ono, chopanda windo. Anamwino anali mayi wamkulu wovala magalasi. Anandiveka mahedifoni.

"Mukamva kaphokoso, kwezani dzanja, ngakhale kakhale kakang'ono bwanji. Kakasiya, tsitsani."

Maphokoso oyamba, okhuthala, ndinawamva ndithu, ndipo mtima unakhala pansi. Kenako kunati zii. Chigongono chinagwedera, ndinakweza. Chinabwerera, ndinatsitsa. Ndinatero katatu. Kachinayi mayiwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anaimirira, n'kutembenuza mpando wanga kuti ndipenye kukhoma.

Pakhomapo panali mng'alu wotsika kuchokera kudenga, ndipo ndimaukumbukira bwino kuposa nkhope ya mayiwo. M'makutu munalibe kanthu koma kulira kwangakwanga, kumene ndinkagona nako n'kudzuka nako mpaka ndinkaona ngati aliyense ali nako. Ndinayesa kusiyanitsa kulira kumeneko ndi kwa makina awo, ndinalephera.  Ndinakumbukira kuti poyamba paja ankadina ndikapuma kanayi. Ndinayamba kuwerenga mpweya. Kanayi, dzanja m'mwamba. Kawiri, pansi. Kanayi, m'mwamba.

Ndinamva dzanja paphewa. Anandivula mahedifoni n'kubwera kutsogolo kwanga.

"Bambo, ine ndasiya kudina kalekale. Inu mwakweza kasanu."

Sindidziwa kuti ndinatsika bwanji pampando. Ndinangopezeka ndagwada pasimenti.

"Amayi, chonde. Ndili ndi agogo m'nyumba ya kampani. Ndi okalamba, kulibe kowapititsa. Lembani kuti ndikumva pang'ono. Pang'ono pokha. Ntchito ndimaitha, mukafunse akapitawo, sindinapsetsepo beringi."

"Dzukani, pansipo n'pozizira."

"Chaka chimodzi chokha, amayi. Chaka chamawa mudzalembe zoona."

"Ndikalemba kuti mukumva, akubwezerani pa makina omwewo. Zimene zatsalazi nazonso zipita. Agogo anuwo adzagwa m'bafa, adzaitana, inu muli pakhonde osamva. Timphira simunkavala?"

"Tinkavala."

"Alendo akabwera. Nonse mwandiuza zomwezo." Anapumira m'mwamba. "Khalani pampando, tiyambirenso. Ulendo uno musandithandize."

Tinayambiranso ndikuyang'ana kukhoma. Dzanja langa linakhala pabondo nthawi yaitali. Ndisanatuluke ndinafunsa ngati pali mankhwala. Anati zimene zapita sizibwerera, chotheka n'kusunga zotsala.

Kunja anzanga a pabenchi anafunsa, "Zayenda?" Ndinati zayenda.

Ndinagwira ntchito masabata ena atatu ndikuyembekezera. Tsiku lililonse kalaliki akalowa m'fakitale ndi mapepala, ndinkamutsatira ndi maso. Atandiitana ku ofesi, bwana wa kalalikiyo analankhula ataweramira pafayilo, milomo osaoneka, ndipo ndinachita kumupempha kawiri kuti abwereze. Pa makina sindingabwererenso. Malo ena a anthu okhazikika panalibe. Mvula ikayamba ndikhoza kulembetsa zothyola tiyi ngati wa nyengo, koma a nyengo sapatsidwa nyumba. Anatipatsa miyezi itatu yoti tituluke m'nyumba.

Ndinatsika kukomboni dzuwa likadali pamutu. Agogo anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anadabwa kundiona nthawi imeneyo. Ndinakhala pafupi nawo n'kuwauza motsitsa mawu, chifukwa makomo a anthu anali otsegula.

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza.

"Lankhula ngati mwamuna, sindikumva."

Njira yonse ndinali nditakonza mawu ofatsa, oyambira kutali, oti nkhaniyo iwafike pang'onopang'ono. Mawu otere sakuwika. Ndinayandikira kukhutu kwawo n'kukuwa zimene zinatsala.

"Ntchito yatha! Makutu anga afa! Nyumba atilanda!"

Mayi woyandikana nafe anatuluka ndi chipande m'manja. Kutsogolo kwake kunatulukanso ena awiri. Wailesi ya nyumba yachitatu inazima. Palibe anasendera pafupi.

Agogo anasiya kusankha. Anayang'ana chitseko, anayang'ana nthochi zimene anabzala okha kumbali kwa nyumba, kenako anaweramira m'lichero. Anayankhula kanthu m'Chilomwe, mawu apansipansi, nkhope ili pa nyemba. Ndinaona chibwano chikugwedera koma milomo sindinaione. Mayi woyandikana uja anamva, chifukwa anaphimba kukamwa ndi chitenje n'kulowa m'nyumba mwake.

Sindinafunse agogo kuti abwereze. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Bvumbwe kukafunsa za chipinda chochita lendi chimene chingakwane anthu awiri.