Malata a Perpetua Daka

Mukamachokela ku Lusaka kupita ku Petauke, musanafike pamene mabasi amaima pa Nyimba, pamseu pali mahampu atatu ochepetsa liwilo la galimoto. Pa hampu yapakati pamaima mzimai mmodzi yekha, wamfupi, wa mapewa ngati wonyamula matumba a chimanga, beseni la nthochi pamutu. Akamwetulila mudzaona kuti dzino limodzi lakutsogolo linapita kale. Ameneyo ndi Perpetua Daka, amake Kelly. Mukatenga nthochi zake, lipilani galimoto isanayambe kuthamanga.

Perpetua anabadwila pa Nyimba pomwepa. Sukulu anasiyila giledi folo, koma pa kuwelenga ndalama ngakhale a ku banki angamupatse mpando. Nthochi anayamba kugulitsa ali mtsikana, ndipo ndi nthochi zomwezo anaumba njelwa, anamanga nyumba ya zipinda ziwili pamalo a amai ake, nagula malata khumi ndi asanu ndi atatu, limodzilimodzi, zaka zinai. Lata lililonse ankalinyamula pamutu kuchoka ku sitolo dzuwa lili paliwombo, kuti amene ali ndi maso aone.

Pamene anaphonya ndi pa mwamuna. Anakwatiwa ndi a Vitalis Mumba a ku Mwape, amene anabwela kudzakhala chikamwini. Tonse tidziwa kuti mkamwini pakhomo pa mkazi, chake ndi buluku limene wavala, koma a Vitalis anali munthu wa mapulani. Anawetapo nkhunda, nkhunda zinasamukila kwa aneba. Anagulitsapo mankhwala a makoswe, makoswe ananenepa. Mu Juni chaka chatha anamva ku mowa kuti ku Sasare, kumigodi yakale ija, anthu akutola golide ngati mtedza. Anakwela galimoto kupita ku Petauke kwa a Fabian, amene amakongoza ndalama za kaloba: ukatenga handiledi, mwezi ukatha ubweza handiledi fifite, ndipo mwezi winawo fifite ija nayonso imabala ana. A Vitalis anatenga K4,000. Atafunsidwa chikole, anatukumula mapewa nalemba pa pepala kuti malata a nyumba yawo.

Ku Sasare anakhalako miyezi iwili. Anabwelako ndi chifuwa, nsapato imodzi, ndi botolo la timiyala tonyezimila timene wogula golide anangotiseka. Za pepala la a Fabian sanauze munthu.

Pakati pa Ogasiti, Lachiwili masana, Perpetua ali ku mabasi, kanta, kalole konyamula katundu, inaima pakhomo pake. Anatsikamo a Fabian, ovala jekete kunja kukutentha, ndi mlamu wawo Wiseman, chimunthu chimene chinachotsedwa ukondakitala chifukwa chomenya okwela. A Vitalis anayesa kuthawila kuchimbudzi. Wiseman anawagwila mwendo, kuwaguza pabwalo ngati thumba la makala, ndipo pamene a Vitalis anatchinga kumutu ndi mkono, chitsulo chozulila misomali chinatela pamkonopo. Aneba akuti zinamveka ngati nzimbe ikuthyoka. Atatelo Wiseman anaimika makwelelo nayamba kukanganula malata a kuchipinda chogona.

Mbili inafika ku mabasi. Perpetua anathamanga akukuwa, ndipo azimai onse ogulitsa nthochi anamutsata, patsogolo pali Consolata, mnzake wa pamtima kuyambila utsikana. Kwathu kuno mzimai akakuwa, anzake sayamba afunsa kuti kwagwanji. Anapeza malata asanu ndi limodzi ali kale m'kanta. Perpetua analumphila mwendo wa Wiseman pamakwelelo pomwepo nauluma pakatumba mpaka mano kukumana. Wiseman anamutembenukila ndi mpini wa nyundo pakamwa, dzino lija linagwela m'fumbi. Azimai anachizinga chimunthucho ndi mabeseni, nthochi zosapsa ndi zidutswa za njelwa, mpaka chinakwawila pansi pa kanta.

Apo ndi pamene a Fabian anatulutsa pepala. Nkhongole inali itafika K9,000. Perpetua analiwelenga magazi akudonthela pa bulauzi, nanena kuti mkono wothyokawo akaupeleka ku polisi lelo lomwe. A Fabian ndi apolisi sakondana kwenikweni, choncho anapangana pamaso pa anthu: nkhongole ileka kubala, koma ithe pofika pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu. Ikatha, malata asanu ndi limodzi abwelela. Ikapanda kutha, kanta idzatenga khumi ndi awili otsalawo. Mvula kuno imayamba kumayambililo kwa Novembala, ndipo m'nyumbamo muli ana awili.

Kanta itapita, Perpetua anafunsa amuna ake mwaulemu kuti mkono wathyoka ndi uti. Atamusonyeza, anatenga mthiko nawakonza mbali inayo. Kenaka anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala kukamanga chikhakha.

Njinga imeneyo ndiyo inayamba kugulitsidwa. Zinatsata mbuzi ziwili, wailesi, ndi suti ya a Vitalis ya pa ukwati. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka. Zotsalazo zinafunika kutuluka m'beseni la nthochi ndi m'mimba za pakhomopo.

Perpetua anatenga zitini zitatu. Madzulo alionse ndalama za tsikulo ankazigawa: chitini chogulila nthochi za mawa, chitini cha a Fabian, chitini cha mimba. Cha a Fabian chinkadya choyamba, cha mimba chinkanyambita zotsala. Za a Fabianzo akaziwelenga ankazisokela mu lamba wa nsalu amene ankamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Kusungila pa foni anakana, ati potapa amadula. Saladi, mafuta ophikila, ankayeza ndi kachitsekelelo ka botolo, kamodzi patsiku. Shuga analekana naye. Sopo anamudula ndi ulusi tizidutswa tisanu ndi titatu, kalikonse ka sabata. Ndiwo zinali bondwe ndi delele wothyola m'mbali mwa mtsinje, ndipo m'mawa banja lonse linkadya nthochi zofewa zimene zakanidwa ndi okwela mabasi. Ana anafika poti akaona nthochi amatembenuza nkhope ngati aona mkwapulo. Perpetua analeka kugula kwa obweletsa pa njinga, nayamba kuyenda yekha wapansi kumadimba kukatenga mikoko pamtengo wa mlimi.

A Vitalis ndi chikhakha chawo anawakhazika pamseu kugulitsa mtedza wokazinga, tikapu towelengelatu. Tsiku lina panasowa teni kwacha, ndipo m'kamwa mwawo munkanunkha kachasu. Perpetua anawagwila pakhosi nawaviika mutu m'dilamu la madzi katatu, akufunsa za teni kwachayo nthawi iliyonse akawavuula. Kachitatu anakumbukila dzina la mai wophika kachasu, ndipo Perpetua anapita kukaitenga ndalamayo kwa maiyo, mowa utamwedwa kale. Mmene anaitengela musandifunse, koma maiyo anayenda masiku atatu atamanga duku mpaka m'maso.

Pa mabasi ndiye anasanduka chilombo. Basi ikaima pa Nyimba mphindi zake ndi zowelengeka, ndipo wofika pawindo poyamba ndiye amadya. Perpetua ankafika poyamba ndi zigongono. Bambo wina wa tayi anatenga nthochi za faifi kwacha, basi nkuyamba kuyenda, iye nkumaseka. Perpetua anataya beseni, analumpha, anagwila tayi pawindo nalendewela nayo. Basi inamukoka mapazi akukhukhuluzika pa tala, bamboyo maso atatuluka, lilime panja, mpaka dalaivala anaima. Bamboyo analipila twente kwacha, chenji sanafunse.

Anzake zonsezi ankamupilila, poti ankadziwa za malata. Chimene sanamukhululukile ndi cha malilo.

Azimai a pa mabasi ali ndi lamulo lawo losalembedwa. Mmodzi akafedwa, aliyense amasonkha twente kwacha ya chipepeso, ndipo tsiku loika malilo palibe beseni limene limafika pamseu: onse amapita kukatunga madzi, kukaphika ndi kukalila ndi mnzawo. Kumayambililo kwa Okutobala amai ake a Consolata anamwalila ku Nyalugwe. Wotolela chipepeso atafika kwa Perpetua, Perpetua anayang'ana zitini zake zitatu m'mutu, napeza kuti palibe chitini cha malilo.

“Akufa sanyowa ndi mvula,” anatelo.

Sanathele pamenepo. Tsiku loika, anzake onse atakwela lole kupita ku Nyalugwe, iye anabwela pamseu ndi mabeseni awili. Mabasi onse a ku Chipata, a ku Lundazi, a ku Lusaka, anapeza mzimai mmodzi yekha. Tsiku limenelo anapanga K400, ndalama imene sanaigwilepo pa tsiku limodzi chibadwile, ndipo anapita kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya.

Azimai atabwelako anadikila basi yoyamba ya m'mawa, Perpetua atakweza beseni pawindo, ndipo Consolata anamugwila duku chakumbuyo namugwetsa chagada. Anamugwela onse. Ena anamupondaponda m'nthiti, ena anamumenya ndi mabeseni mpaka mabeseni kupindika, ena anavina pa nthochi zake kuzisandutsa phala. Iye sanabweze nkhonya ngakhale imodzi, manja onse awili anali atagwila lamba wa m'chiuno. Okwela basi anajambula pa mafoni. Atatopa anamuuza kuti phazi lake lisadzapondenso pamene mabasi amaima.

Ndiko kusamukila ku mahampu kumene kuja. Pamenepo galimoto siziima, zimangochepetsa liwilo, ndiye munthu amagulitsa akuthamanga, nthiti zikubaya. Masabata awili otsalawo anathamanga ndithu, chitini cha mimba anachivundikila pansi masiku ena, koma pa 24 Okutobala m'lamba munali K8,400.

Kanta inafika ana a sukulu akuguba ndi mbendela kubwalo. Malata asanu ndi limodzi aja anali kumbuyo, monga mwa pangano. A Fabian atamva kuti zapelewela K600 anapukusa mutu mwachisoni, ati pepala silidziwa zoti kwatsala pang'ono, nauza Wiseman kuti atsitse makwelelo. Koma makwelelo atangotsamila khoma, woyamba kukwela anali Perpetua, nyundo m'manja. Anaima pa denga lake nakuwa mmene anakuwila mu Ogasiti.

Azimai a pa mabasi anabwela ndithu, onse makumi atatu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anatula mabeseni, nayamba kusenda nthochi.

“Kuwa bwino, amake Kelly,” anatelo Consolata. “Mabasi onse ndi ako lelo.”

Wiseman anakwela. Zala zake zitangogwila m'mphepete mwa denga, nyundo inatela pa ziwili, ndipo anagwa ngati papaya. Anatola theka la njelwa ndi dzanja linalo naponya, njelwa inang'amba Perpetua pamwamba pa diso, magazi anaphimba theka la nkhope. Wiseman anakwelanso, anamugwila pakakolo nayamba kumukokela pansi. Perpetua anagwila mtanda wa pamalo osafolela paja, namuponda kumaso ndi chidendene kawili, ndipo potsetseleka m'mphepete mwa lata munamucheka Wiseman mkono kuyambila pachigongono. Pansi pa mango palibe anasuntha.

A Fabian ataona kuti mlamu wawo akutha, anagwila a Vitalis, amene anali atangomasula chikhakha sabata yomweyo, nawapotokola mkono womwe uja kumbuyo.

“Tsikani, amai Daka, apo ayi tiuthyolanso.”

“Thyolani, a Fabian. Ali nayo iwili, ndipo yonse sigwila ntchito.”

A Vitalis anaitana amake Kelly ndi kamau ka mwana wa mbuzi, koma amake Kelly anali akumasula lamba. Anaung'amba ndi mano, natulutsa ndalama zonse, mafaifi ndi mateni onunkha nthochi, nazikweza m'mwamba ndi manja awili. Anauza a Fabian kuti msomali wina ukangozulidwa, azimwaza kumtengo wa mango, akatole okha kwa azimaiwo. Pamenepo ndiye pansi pa mango panayamba kuyenda. Azimai makumi atatu anataya makoko, anaimilila, namanga zitenje zolimba.

A Fabian anawayang'ana azimaiwo, anayang'ana Wiseman akukulunga mkono ndi malaya, nasiya mkono wa a Vitalis. Ananena kuti K600 yotsalayo atenga m'malata amene ali kale m'kanta. Malata akale, ati, ndi wani fifite limodzi, ndiye atenga anai. Perpetua, diso limodzi litatsekeka, anati iye anagula atsopano ndipo lelo ku sitolo ndi fili handiledi, ndiye awili. Anakangana pafupifupi ola lathunthu, wina pansi wina pa denga, magazi akuuma padzuwa, mpaka anagwilizana atatu. Pepala a Fabian analikweza pa nsonga ya bango. Perpetua analiwelenga mpaka pansi, analing'ambang'amba, ndipo pokhapo ndi pamene anaponya ndalama. Azimai ananyamula mabeseni awo nabwelela ku mabasi osamuyang'ana.

Malata atatu obwelelawo anawakhoma yekha madzulo omwewo asanapite kukasokedwa pachipumi. Mpata wa atatu osowawo anausiya pangodya ya chipinda chogona. Bedi lake ndi la ana analikokela kofolela, ndipo pansi pa mpata paja anayalapo mphasa ya a Vitalis.

Mvula inagwa pa 3 Novembala, yamphamvu, ya matalala. M'mawa mwake a Vitalis anatuluka kukayanika bulangete, napempha mwaulemu ngati angagulidwile kapulasitiki kotchingila. Perpetua anawauza mtengo wa pulasitiki pa mita, anawauza tikapu ta mtedza tingati timakwana mita imodzi, nawapatsa chiwaya kuti ayambe kukazinga.