Juzi ya Timanja ta Khanda

Mwana wa achemwali anga anabadwa atafa kale, kuchipatala ku Machinga. Kwathu ku Kalembo mwana wotere, mtayo, samulira. Amayi achikulire anakamuika okha mwakachetechete, ife amuna tinangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kumayang'ana nyerere. Achemwali anauzidwa kuti akalira sadzaberekanso. Sanalire.

Anapitiriza kuluka. Ali ndi pakati anaphunzira kuluka tizipewa ta khanda ndi masipoko a njinga, ndipo n'zokhazo zimene ankadziwa. Atabwerako kuchipatala, zala zawo sizinamve kuti ntchito yatha. Tizipewa tinadzaza dengu, kenako lichero, kenako pazenera. Tsiku lina ndinapeza tambala wa alamu atavala kamodzi, ndikulumbira. Alamuwo amatsutsa, koma tsikulo iwo kunalibe.

Ndinaganiza zowagulira buku la zolukaluka kuti zalazo ziphunzire china. Ndinakwera minibasi kupita ku Balaka, mwezi wa Okutobala, pamene mthunzi womwe umasaka pobisala. Pafupi ndi depoti panali bambo wina atayala mabuku akale pa saka.

"Alipo a zoluka?"

"Alipo, bwana. A azungu enieni, ozizidwa kuyambira kubadwa."

Ndinatsegula loyamba: khanda. Lachiwiri: makanda awiri, onenepa ngati maungu, akuseka.

"Lopanda ana mulibe?"

"Nanga munthu amalukira ndani, bwana? Ng'ombe?"

Ndinasankha lochindikala kwambiri, la majuzi a akuluakulu, ana ali pa masamba ochepa pakati. Ndinagula lezala pa okala, ndinakhala pakhonde la sitolo ina, n'kudula masamba a anawo bwinobwino. Ndinawaponya m'ngalande. Palibe chimene ndinkamva m'thupimu kupatula thukuta.

Achemwali analandira bukulo ndi manja awiri, anathokoza monga amathokozera munthu akawapatsa mchere. Chingelezi chawo n'chochepa, koma zithunzi anazitsata. Patapita masabata anandiitanitsa.

"Iwe, thupi la juzi ndamaliza. Tsamba la manja ake lili kuti?"

Linali kuseri kwa chithunzi cha khanda lina, m'ngalande ku Balaka.

"Chiswe, achemwali."

Anayendetsa chala pamene panadutsa lezala. "Chiswe cha ku Balaka chimadya mowongoka chonchi?"

"Chinapita kusukulu. Ndikulumbira."

Sanaseke. Anandiyang'ana kwa nthawi, n'kutseka bukulo. M'pamene ndinaona kuti m'dengu muja mulibe kanthu. Ulusi wa juziyo unali wa tizipewa tija, anatimasula kamodzikamodzi. N'chifukwa chake inatuluka yoyera apa, yachikasu apo, yapinki pamimba.

Manja a juzi anawaluka opanda buku, pa muyeso wokhawo umene zala zawo zinkaudziwa. Timanja ta khanda pa juzi ya munthu wandevu. Mikono yanga sinalowe. Ndinaivala chomwecho, mikono ili m'kati, timanjato tikulendewera m'mapewa, dzuwa likuwotcha mpaka malata kulira.

"Yandikwana," ndinatero.

"Vula, ufa ndi kutentha."

Sindinavule. Achemwali anagwira kamkono kamodzi ka juziyo, n'kumakasisita ndi chala chachikulu. Kenako anakhala pansi pakhonde, analira mokweza, mpaka nkhuku zinathawa.

Amayi achikulire a nyumba zoyandikana anamva. Mmodzi anafika mpaka pampanda, anayang'ana achemwali, anayang'ana ine ndi timanja tanga.

"Akulirira juzi," ndinawauza. "Yalakwika."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kubwerera. Kulirira juzi palibe mwambo woletsa.