Tandilawireni

Ndikamva fungo la utsi wa nkhuni za paini, ndimaona tiyirumu ya amayi ku Kaphuka m'mawa wa mu Juni, nkhungu itaphimba msewu, makasitomala ataunjikana pambaula. Chaka chimenecho feteleza adakwera mtengo, kachewere adapsa ndi chiwawu, ndipo anthu ankagawana sikono imodzi awiriawiri. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kolongolola ngati wailesi.

A Chisale ankacheka matabwa kuphiri la Dedza, koma ntchito idawathera. Ankafika m'mawa uliwonse, jekete atamanga mabatani onse, n'kunena kuti akungodutsa, adya kale. Chikhalirecho njala inkaonekera pankhope. Kuwapatsa chaulere kukadakhala kuwavula pagulu, choncho amayi ankawatengera kapu yodzaza ndi tiyi, sikono pambali, n'kunena kuti: "Tandilawireni, bambo, lilime langa lafa ndi chimfine." Iwo ankamwa mwaulemu, n'kugamula kuti shuga wakwana. Chimfine chimenecho chidatha miyezi iwiri.

Tsiku lina anthu atadzaza, ndidafunsa mokweza kuti kulawa kwanji komaliza kapu yonse, pomwe ena akulipira. A Chisale adaika kapu pansi, tiyi ali theka, n'kutuluka. Amayi sadandimenye, ndipo kusandimenyako kudandiwawa kuposa mkwapulo. Masiku atatu benchi lawo lidakhala lopanda munthu. Ndinkadziwa kuti kupatula kapu ija analibe podalira, ndipo ndinkaopa kuti ndapha munthu ndi pakamwa panga.

Tsiku lachinayi amayi adawaona akudutsa kutsidya kwa msewu, nkhope atalozetsa kwina. Adawaitana, nawapempha pamaso pa onse kuti alawe. Iwo adakana, amayi adaumirira, mpaka adalandira. Atangopsontha, adalavulira pakhomo.

"Mayi, mwathira mchere!"

Amayi adagwira pakamwa, natembenukira makasitomala. "Mwaona? Popanda iwowa ndikadakumwetsani zimenezi nonsenu." Adakhuthulira ketulo yonse pabwalo, chaka chimene shuga tinkachita kuwerenga masupuni, n'kutereka ina. A Chisale adakhala pabenchi lawo, kudikira kuti alawenso.

Mcherewo unali m'kapu imodzi yokha. Ndikudziwa chifukwa ndine ndidatumidwa kukautapa. Akulu amati kupatsa n'kuika, koma ine ndidaona kuti kupatsa kumafunanso chophimbira. Tiyirumu ija lero amagulitsiramo mayunitsi, ndipo amayi adatisiya. Koma mlendo akafika kwanga n'kunena kuti wadya kale, chimfine chimandigwira pomwepo.