Mchere Umene Ndinkauyanika Padzuwa

Tsiku limene ndinkachoka kwathu, amayi anandimangira mchere wamibulu m'kansalu. Akuti ku Amerika ndikapeza zonse, koma mchere wakumeneko sungakome. Iwowo ankachulutsa mchere m'ndiwo, moti abambo anadandaula mpaka anangozolowera. Mcherewo sindinauphikirepo. Amayi atamwalira ine ndili kuno, kumaliro osapitako, chokhacho chimene ndinatsala nacho chogwiridwapo ndi manja awo chinali mchere womwewo.

Ndinkasamalira agogo ena aamuna achizungu ku Arlington, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pomwe mitambo imadutsa pawindo. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito ya sayansi. Dzina langa ankaliiwala tsiku ndi tsiku, koma za mchere ayi. Masana ena ndikuwadyetsa, anagwira kabotolo ka mchere n'kuyamba kundifotokozera. Akuti mchere ukakhalitsa m'nthaka umamwa pang'onopang'ono cheza chosaoneka chochokera m'miyala, n'kuchisunga. Ukausungunula m'madzi mumdima umatulutsa kuwala, ndipo makina akayeza kuwalako, anthu amadziwa zaka zimene wakhala.

"Koma umawala kamodzi kokha," anatero. "Ukasungunuka, basi."

Sabata yonseyo ndinkayenda ngati ndili kutulo. M'sitima yobwerera ku Manassas, kumene ndimakhala, ndinkangoona khitchini ya amayi, utsi, zala zawo zikutapa mchere, zonsezo zili phee m'kansalu kanga kudikira madzi. Ndinkafunitsitsa kuona, koma ndinkaopanso kutsala chimanjamanja.

Ndinawauza agogowo za mchere wanga. Anafunsa mmene ndimausungira. Ndinayankha monyadira kuti nyengo yotentha kuno chinyezi chimachuluka, ndiye chaka chilichonse ndimauyanika padzuwa pakhonde, monga ankachitira amayi.

Anandiyang'ana mwachisoni. "Mwanawe, dzuwatu limafufuta zonse."

Ha, kusamala kwanga komweko! Mtima unandipsa, koma woti ndimupsere panalibe.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinadzitsekera m'bafa, mopanda windo, n'kutseka mpata wapansi pa chitseko ndi thaulo. Ndinakhuthulira mchere wonse m'kapu ya madzi. Ndinatong'ola maso mpaka misozi inatuluka. Munali mdima wokhawokha, ndi kaphokoso ka mibulu ikugunda pansi pa kapu.

Madziwo sindikanatha kuwataya. Ndinawathira m'nyemba zimene zinali pamoto.

Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno. Agogo ake sanawaonepo, ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Madzulo ake anatapa nyembazo, n'kukwinya nkhope.

"Mom," anatero, kenako m'Chichewa chake chopotokacho, "mchere wachuluka."

Ndinaika supuni pansi. Mawu amenewo ndinali nditawamva komaliza kwathu, pakamwa pa abambo, amayi akuseka pakhomo la khitchini.

"Idya, mwanangu," ndinamuuza. "Athira ndi agogo ako."