Lumo la a Weramani Linatsala Kunja

A Weramani dzina lawo lenileni lilipo, koma amalidziwa ndi mayi akunyumba okha, nawonso amalikumbukira akapsa mtima. Ife tonse timangoti a Weramani, chifukwa mawu amene akhala akutuluka pakamwa pawo moyo wawo wonse ndi amenewo. Kaya ndiwe mphunzitsi, kaya wapolisi, ukakhala pampando wawo unkangomva chala chozizira pankhongo: "Weramani." Ndipo unkawerama.

Malo awo ometera ndi kachipinda kopanikizika pakati pa ogulitsa mankhwala ndi wokonza njinga. Muli mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale, kalilole wong'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi lamba wachikopa wonolera lumo, wokoloweka pamsomali. Ndevu ankameta ndi lumo lopinda la chigwiriro chakuda, ndipo ankati wometa ndevu ndi makina amagetsi ndi wotchetcha udzu, osati mmeti. Mutu wawo sunagwidwepo ndi munthu wina. Ankadzimeta okha ndi akalilole awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, atatseka chitseko ngati akusamba.

Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Iwo ankati ndi kuzizira, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina lumo linadya khutu la mphunzitsi wamkulu. Linali bala laling'ono, koma khutu limataya magazi ngati kuti lili ndi nkhokwe yakeyake. Mphunzitsiyo anayenda sabata yonse ndi thonje kukhutu, ana asukulu akubisa nkhope m'mabuku.

Banja linakhala pansi iwo kulibe. Mwana wawo wamkazi, namwino amene anakwatiwa kunja, anatumiza uthenga woti bambo abwere kutchuthi akapumeko. Tchuthicho chinali ndi mchira. Iwo ali kumeneko, mwana wa mlongo wawo, munthu wamkulu wa ana ake amene anamuphunzitsa okha kumeta, azigwira pamalopo, kuti pobwera apeze makasitomala atazolowera dzanja lina. A Weramani si mwana, ananunkhiza. Mayi akulongedza sutikesi, iwo analowetsa lumo m'sokosi n'kulibisa munsapato.

"Limenelo mukameta nalo ndani kumeneko, abambo?" mayi anafunsa osatembenuka n'komwe.

"Likapumenso. Tikabwera, ine ndi ilo tibwerera pantchito. Uyo muzimuuza asazolowere mpando."

Namwino ndi mwamuna wake, mbadwa ya dzikolo, amakhala pamwamba m'nyumba yosanjikizana. Onse ankachoka m'mawa, n'kuwasiyira bambo wailesi ya kanema yolankhula chilankhulo chimene sankachimva. A Weramani anaima pawindo, n'kuona kuti tsidya lina la msewu kuli malo ometera. Anatsika, anawoloka, analowa, n'kukhala pabenchi ngati ndi kwawo.

Mwini malowo, kamunthu kakafupi konenepa, a Weramani anamutcha Kafupi. Sankamvana ngakhale liwu limodzi, koma Kafupi anazindikira msanga kuti mlendoyu ndi wantchito mnzake. Munthu wanji amapereka moni akuyang'ana tsitsi lako m'malo mwa maso? Ndipo mzere wa kuseri kwa khutu ukakhota pang'ono, pabenchi pankamveka kutsonya. Posakhalitsa Kafupi anawapatsa tsache. Panalinso dalaivala wa basi wopuma pantchito, chimunthu chachikulu cha ndevu zangati waya, amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzawerenga nyuzipepala ndi kudzakangana ndi Kafupi. Atatuwa ankamwa tiyi limodzi, aliyense akulankhula chakwawo, onse akugwedeza mutu. A Weramani ankasesa ndi lamanzere, kumwa tiyi ndi lamanzere. Lamanja linkakhala m'thumba la jekete ngati mlendo wamanyazi.

"Bambo, anthu amabwera kuno kudzaona mlatho waukulu ndi nyumba zakale," namwino anadandaula. "Inu mwadzasesa tsitsi la eni ake?"

"Ndikuliona dziko, mwana wanga. Tsitsi la kuno ndi lofewa, siliima pachipeso."

Tsiku lomaliza, anzawo aja anakonza zoti mlendo asapite kwawo ali wosaona chilichonse. Kafupi anatembenuza chikwangwani cha pachitseko kuti lero kulibe ntchito. Dalaivala anabwera ndi galimoto ya mchimwene wake, atavala suti ndi tayi, kuti akawaonetse mlatho uja n'kukadya chamasana m'mbali mwa mtsinje. Ndege inali ya madzulo. Mkamwini, amene anaphunzira chilankhulo chathu kwa mkazi wake, anapempha kuntchito kuti adzakhale womasulira, ndipo nkhani yonseyi tinaidziwa chifukwa cha iyeyo.

A Weramani anafika ndi sokosi m'manja.

"Auzeni kuti mlatho ndauona pakalendala ya kukhitchini kwanu," anatero kwa mkamwini. "Ndisanapite, ndikufuna ndimete munthu mmodzi."

Anasolola lumo n'kuliika patebulo. Kafupi analitsegula, n'kuliyesa pa ubweya wa pamkono wake, ubweyawo n'kugwa osamveka. Anaimba mluzu. Dalaivala anaseka, anamasula tayi, n'kudziponya pampando mpaka mpandowo unalira. Ananena zinazake akusisita pakhosi.

"Akuti mukawadula mudule bwinobwino," mkamwini anamasulira, "chifukwa akazi awo akhala akulakalaka kuchita zimenezo kuyambira kale." Kenako anatsitsa mawu. "Apongozi, mwana wanu anandiuza kuti ndisakuloleni kugwira chakuthwa."

"Mwana wanga ali kuntchito. Inu lero ntchito yanu ndi ya pakamwa."

Dzanja lamanja linatuluka m'thumba. Pomenya thovu la sopo silinavute, ndipo ponola lumo palamba wa Kafupi linkapita n'kubwera ngati kale. Dzanja likamathamanga, kunjenjemera kumabisala. Vuto ndi kuima. A Weramani anakweza chibwano cha dalaivala, anakoka khungu ndi chala chachikulu, n'kufikitsa lumo pafupi ndi kholingo. Kuwala kwa pawindo kunagunda lumo n'kukagwera kudenga, ndipo aliyense anakuona kukuvina kudengako. Kafupi anayamba kutsuka chipeso chotsukatsuka kale. Dalaivala anatseka maso n'kung'ung'udza.

"Akuti musade nkhawa, iwo anayendetsapo basi yopanda mabuleki," mkamwini anatero.

A Weramani anadikira kuti dzanja likhazikike. Anapuma, anasintha phazi, anayesanso. Thovu linayamba kuuma pandevu za dalaivala. Munthuyo anali atapereka khosi lake lonse kwa mlendo amene sankadziwa ngakhale dzina lake. Pamenepo lumo linapindidwa, n'kulira kuti "kwa". A Weramani analipereka kwa Kafupi, chigwiriro patsogolo, mmene ameti amapatsirana.

 Kafupi anapakanso thovu, n'kumeta dalaivala ndi lumo lomwelo, mwini wake ataima pambali manja kumbuyo. Anatsonya kamodzi kokha, pansi pa mphuno, ndipo Kafupi anabwerezapo.

Dalaivala atadzuka, a Weramani anavula chipewa n'kukhala pampando.

"Auzeni kumbuyoku asakweze kwambiri."

Kafupi atayang'ana kumbuyoko anaitana mkamwini ndi maso. Tsitsi linali ngati makwerero, pena pozama pena posiyidwa, ntchito ya dzanja lonjenjemera ndi akalilole awiri. Ife kuno tinkaona zimenezo chaka chonse, koma ndani angauze mmeti kuti nkhongo yake yaonongeka? Kafupi anawamanga nsalu pakhosi, anaika chala pankhongo, n'kunena liwu limodzi m'chilankhulo chake. Mkamwini anatsegula pakamwa kuti amasulire.

"Limenelo ndalimva," anatero a Weramani, n'kuwerama.

Kumlatho anapitabe, mochedwa. Anadya mofulumira, dalaivala akukangana ndi Kafupi za njira yachidule yopita kubwalo la ndege. Pali chithunzi chimene mkamwini anajambula: dalaivala chibwano chikuwala, Kafupi ataima ndi zala zakuphazi kuti aoneke wamtali, ndipo pakati pawo a Weramani, chipewa chili m'manja, akuyang'ana tsitsi la munthu wodutsa. Mlatho ukuoneka pang'ono kumbuyo. Potsanzikana Kafupi anatulutsa lumo m'thumba kuti abweze. A Weramani anangomupatsanso sokosi ija yoti azisungiramo.

Atafika kuno, mayi akunyumba anawazungulira kawiri pakhonde.

"Kani kumbuyo kwa mutu wanuku n'kwabwino chonchi, abambo? Nanga lumo lili kuti?"

"Anandilanda pabwalo la ndege. Anthu akunja alibe ulemu."

Mpaka lero amauza anthu zomwezo, ndipo asilikali a pabwalo aja amachuluka nkhaniyo ikamabwerezedwa. Koma mkamwini anauza mkazi wake, namwino anauza mayi ake, ndipo mayiwo anandiuza ine tikuyanika zovala, n'kundipempha kuti ndisauze munthu.

Masiku ano a Weramani amafika pamalo aja m'mawa, n'kukhala pabenchi ya odikira, tsache lili pambali. Mwana wa mlongo wawo amameta ndi makina amagetsi, ndipo mzere ukakhota amamva kutsonya kumbuyo kwake. Mphunzitsi wamkulu anabwerera, koma amagwirabe khutu akamapereka moni. Tsitsi lawo likakula, a Weramani amadikira anthu onse achoke, n'kukhala pampando. Mwana wa mlongo wawoyo amaima kumbuyo kwawo ndi sizasi. Liwu lija sanalimbe mtima kulitchula kwa amalume ake. Amangotsokomola, iwo n'kuwerama.