Galu Wodya Mtedza Wokazinga

Ndikukumbukira chaka chimene galu wanga anasowa, chifukwa ndi chaka chomwenso ndinasiya kukhulupirira ndege. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 3 kachiwiri, pakuti ngakhale pa nthawi imeneyo sukulu ndi ine tinkalemekezana chapatali. Ulemu umenewu unapitirira mpaka ku koleji, kumene tinasiyana mwamtendere, popanda kuvutitsa ankhoswe. Koma za kolejizo zisiyeni, nkhani ndi ya galu.

Kwathu ndi ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, kumene mwana amayamba kuloza kumwamba asanadziwe kuloza mbale. Ndege ikamatsika, mthunzi wake unkadutsa pa chimanga chathu ngati dzanja la munthu wamkulu losisita mutu wa mwana. Nkhuku zinkabalalika, ife n'kumathamanga tikukuwa kuti itiponyere buledi. Sinatiponyerepo ngakhale nyenyeswa. Komabe ana tonse a m'mudzimo tinkadziwa chinthu chimodzi mosakayika: munthu akachoka osabweranso, ndiye kuti wakwera ndege.

Galuyo dzina lake anali Sikwathu. Anamutcha dzinali ndi abambo anga, amene anali mkamwini. Kwawo kunali ku Lirangwe, ndipo anadzakhala kwawo kwa amayi monga mwa mwambo wathu. Kwathu kuno galu sapatsidwa dzina pachabe; dzina la galu limanyamula mawu amene mwini wake sangawanene maso ndi maso kwa akuchikazi. Choncho dzuwa likapendeka abambo ankaima pakhonde n'kufuula kuti, "Sikwathu! Sikwathu!" amalume anga, eni mbumba, ali pampando chapomwepo, akusenda nzimbe ngati sakumva. Galu ankabwera akugwedeza mchira, osadziwa kuti watumidwa.

Anali wofiira ngati dothi la pachulu, khutu limodzi loimirira, lina logona, ngati kuti theka la iye linali pantchito, theka linalo patchuthi. Abambo ankakhoma ndowa ndi mbaula pansi pa mtengo wa mango, ndipo Sikwathu ankagona pamapazi pawo. Phokoso la nyundo kwa iye linali nyimbo yogonetsa. Koma galuyo anali wanga. Ndine ndinamunyamula m'malaya ali kamwana, ndinenso ndinamulavulira m'kamwa, monga anandiphunzitsira anzanga, kuti asadzandisiye mpaka imfa.

Tsiku lina m'chilimwe kunabwera azibambo ovala majekete kunja kukutentha. Anali ankhoswe. Anakhala pansi pa mango paja, ife ana n'kutitumiza ku mjigo wakutali, kusiya wapafupi umene unkatulutsa madzi bwinobwino. M'mawa mwake abambo analonga nyundo, lumo lodulira malata ndi bulangeti m'thumba la feteleza. Nyumba anamanga okha, mango anabzala okha, nkhokwe analuka okha, koma mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo.

"Limbani," anandiitana, "um'mange galuyu asanditsate."

"Mukupita kuti, ababa?"

Amene anayankha ndi amalume. "Ku Joni. Kukagwira ntchito. Ndipo iwe za mafunso usiye."

Ndinam'manga Sikwathu pamtengo ndi chingwe cha khonje, mfundo yake yolimba imene anandiphunzitsa abambo omwewo. Masana ndege ina itanyamuka, ndinaibayibitsa ndi manja onse awiri mpaka inasanduka kadontho. Galu sanayang'ane kumwamba n'komwe. Anangokhala chopenya njira ya kumpoto, akulira pang'onopang'ono ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo ndinamuona ngati mbuli yosadziwa kumene kuli Joni. Chakudya anakana. Amayi ankamuikira mbale, n'kuima pang'ono akumuyang'ana, kenako n'kulowa m'nyumba.

Patapita masiku angapo ndinadzuka n'kupeza pamtengo pali zii. Chingwe chinali pomwepo, chosalumidwa, chosaduka, mfundo itamasulidwa mwaukhondo. Ndinachitembenuza uku ndi uku, ndipo mkati mwa chisoni changa ndinanyadira. M'mudzi monse munalibe wina amene anali ndi galu womasula mfundo.

Ndinayamba ndi malo odziwika: kudzala, kuseri kwa butchala, kudambo kumene tinkasaka mbewa. Amalume anati agalu amphongo amatero, akatopa abwera. Amayi ankangopeta chimanga, maso ali palichero. Kenako nzeru zinandibwerera, ndipo zinabwera molakwika monga zakhala zikuchitira moyo wanga wonse. Ngati galu watsata abambo, ndipo abambo anakwera ndege, ndiye kuti galu ali ku bwalo la ndege. Ndinabisa makope m'tchire n'kuyamba kuzungulira mpanda wa waya.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto a malungo. Dzuwa likakwera, msewu wa ndege unkasanduka madzi onyezimira, ndege n'kumayandama pamwamba pake, matayala osaoneka. Udzu wouma unkanunkha ngati ukufuna kuyaka wokha. Ndinkagwira waya ndi zala zonse n'kumaitana galu wanga, mawu n'kumakathera m'mphepo yotenthayo. Ndikatopa ndinkagona chagada, ndipo ndinkamuona bwinobwino Sikwathu ali pawindo la ndege, khutu limodzi lili chilili, akudya buledi wathu uja, atsikana ovala mayunifolomu akumutchula kuti bwana. Mitambo nayo inayamba kumera michira.

Mlonda wina wachikulire, amene anatopa kundiona, anabwera pawaya.

"Iwe, ukufuna chiyani kuno tsiku ndi tsiku?"

"Galu wanga, bwana. Kodi agalu amakwera ndege?"

"Amakwera, koma okhala ndi mapepala awo. Wako ali nawo?"

"Alibe. Koma ndi wanzeru, amamasula mfundo."

Mlondayo anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa. "Ndiye mwina ndi amene akuyendetsa," anatero. "Pita kusukulu."

Amene anandipulumutsa ku ndege ndi Che Saidi, wakabaza wa pamphambano pathu. Iwo anali Msilamu, ndipo galu akangowanyambita ankayenera kukasamba mwa chipembedzo chawo, choncho agalu onse a m'deralo ankawadziwa monga munthu adziwira adani ake. Atandipeza ndakhala m'mbali mwa msewu, milomo itauma, anatsika njinga.

"Ukusaka chigalu cha khutu limodzi chija? Ndachiona dzana ku Lirangwe, pamsika, chitagona pamapazi pa..." Anatsokomola, n'kuyamba kufinya tayala limene linalibe vuto. "Pamthunzi. Chitagona pamthunzi."

"Ku Lirangwe kuli bwalo la ndege?"

"Kuli njanji, mwanawe." Anasiya tayala lija n'kuimirira. "Loweruka ndikupita komweko kukatenga anyezi. Amayi ako akalola, ndikutenga. Koma tamvana: galu sakwera njinga yanga. Akabwera, abwere ndi miyendo imene Mulungu anam'patsa."

Nditawauza amayi, sanafunse funso ngakhale limodzi. Loweruka m'mawa anandisambitsa ndi mwala mpaka zidendene zinadabwa, anandidzoza mafuta, n'kundiveka malaya a kutchalitchi.

"Amayi, ndikukasakatu galu."

"Ndiye galuyo akuone uli mbuu ngati wopanda kwawo?" Anandipatsa chingwe chija chili chopindidwa bwino.

Tinadzera njira zachidule, zafumbi, kudutsa timitsinje touma tokhala ndi mchenga wokhawokha. Malambe anaima apa ndi apo ngati akuluakulu odikira mlandu umene unayamba kale ife tisanabadwe. Tcheni cha njinga chinkalira nyimbo imodzimodzi, ine n'kutsamira msana wa Che Saidi, wonunkhira sopo ndi thukuta, ndipo sindikudziwa ngati ndinagona kapena ayi. Ndimangokumbukira mbuzi zitaima pachulu, mayi wosenza mtolo wa udzu amene ankaoneka ngati denga loyenda lokha, ndi mapiri akutali akusungunuka m'dzuwa.

Ndinamva nyundo ndisanaone msika. Kawiri mwamphamvu, kamodzi mopepuka. Kawiri mwamphamvu, kamodzi mopepuka. Kakhomedwe kameneko ndinakamva kuyambira ndili kumsana. Chimene chinandibwerera m'mutu n'choti Joni ali pafupi kuposa mmene anthu amanenera.

Abambo anali atakhala pansi pa kamthunzi ka masaka, chapafupi ndi njanji, ndowa ili pakati pa miyendo. Sikwathu ndiye anayamba kundiona. Anandilumphira n'kundigwetsera m'fumbi ndi malaya anga a kutchalitchi omwe, kenako anathamangira kwa abambo, n'kubwereranso kwa ine, n'kubwereranso kwa iwo, ngati munthu wofuna kusoka nsalu yong'ambika koma alibe ulusi.

"Limbani."

"Ababa. Mwabwera liti ku Joni?"

Anayang'ana nyundo yawo ngati yankho linalembedwa pa mpini. "Ndege inandisiya, mwana wanga," anatero. Sanaseke, nanenso sindinaseke. Ndikuganiza kuti nkhope yonenera bodza mwaulemu ndinaitengera pomwepo.

Anandigulira zitumbuwa, n'kupita nane kumene ankakhala. Munthu amene anamanga nyumba ya njerwa zootcha ku Chileka ankagona m'khitchini ya alongo awo, pamodzi ndi nkhuku. Munali mphasa, bulangeti lija, ndi mbale imodzi ya pulasitiki. Koma pakhomo panali kambale ka malata katsopano, konyezimira, mkombero wake wopindidwa mosalala kuposa ndowa iliyonse imene anagulitsapo. Kanali ka galu.

Dzuwa litapendeka, Che Saidi anaimba belu kumsewu, anyezi atamanga kale. Abambo anatenga chingwe m'manja mwanga n'kum'manga Sikwathu okha.

"M'tenge. Ndi wako. Za kumeneko zonse ndi zanu, ankhoswe anatero."

"Anatchulanso galu?"

"Galu sanamutchule."

Ndinakoka, galu anatsata. Tinafika powolokera njanji, iye n'kukhala pansi. Ndinakokanso, anangotambasula khosi, maso ali kwa ine, khutu loimirira lija litaloza kumbuyo. Anali atawonda, ndipo ndikanafuna ndikanamukhwekhwereza mpaka ku Chileka. Ndinasaka galu ameneyu m'madzala, m'madambo ndi m'mitambo, ndipo tsopano anali m'manja mwanga. Koma china chake chinandisokoneza, ndipo ndinachedwa kuchizindikira: kumsika kunali zii. Nyundo sinkamveka. Nditacheuka ndinaona abambo ataima pakamthunzi kawo, manja ali lendee, akutiyang'ana tonse awiri tikupita.

Ndinagwada n'kumasula mfundo. Sikwathu sanathamange. Anandinyambita pachibwano, n'kubwerera pang'onopang'ono, akucheuka. Tili pamsewu waukulu ndinamva kumbuyo: kawiri mwamphamvu, kamodzi mopepuka.

"Alhamdulillah," anatero Che Saidi, "njinga yanga yapulumuka." Njira yonse ndinanyowetsa msana wa malaya awo, ndipo titafika anauza anthu kuti kunali kotentha.

Amalume anali pampando wawo ndi nzimbe. "Galu uja?"

"Ndam'peza ku Lirangwe. Wakana kubwera. Ndizikamuona Loweruka lililonse."

Anasiya kutafuna. Iwo ndi abambo anasiyana moipa, ndipo nkhani ya Joni ija amalumewo anaipeka dala kuti mwana wa mbumba yawo asadziwe njira ya ku Lirangwe. Mwana kupita kwa bambo ake inali nkhani yoitanira majekete aja. Koma mwana kukaona galu wake, anafufuza m'mutu mwawo mwambo woletsa, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti sanaupeze.

"Galu ndi wa mwanayu, achimwene," anatero amayi ali pamtondo, osatembenuka. "Mukufuna afe ndi njala kwa eni?"

Amalume analavula zotafuna zawo n'kusenda mfundo ina ya nzimbe.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse amayi ankandimangira kamtolo. "Chakudya cha galu," ankatero mokweza, kuti a pampando amve. M'kati munkakhala mtedza wokazinga wothira mchere, mbatata yophika, nthawi zina kachidutswa ka sopo. Tsiku lina munali malaya osokedwa pakolala. Pobwera ndinkanyamula ndowa yatsopano kapena mbaula, abambo atandiuza kuti, "Ukanene kuti galu wathokoza." Banja lawo silinabwererane, ndisakunamizeni. Sikwathu anakalamba, khutu lachiwiri lija nalo linagona, ndipo tinamukwirira pansi pa mlambe kuseri kwa njanji. Loweruka lotsatira amayi anamanga kamtolo monga mwa masiku onse, ndipo palibe anafunsa kuti galu wakufa adya bwanji mtedza.

Ndili ku koleji, tsiku lina mphunzitsi akufotokoza zinthu zimene mpaka lero sindikuzidziwa, ndinkayang'ana ndege pawindo. Mwadzidzidzi zinandifikira, patapita zaka zonsezo, kuti galu alibe zala. Ichi ndi chinthu chachikulu chimene ndinaphunzira ku koleji, ndipo nditachiphunzira sindinaone chifukwa chokhalitsira. Nditafika kumudzi ndinawafunsa amayi za mfundo ija. Anapitiriza kupeta.

"Galu uja anali wanzeru," anatero.

Lero ndikudziwa kuti Sikwathu sanasowe. Anatumidwa, monga ankatumidwira kuyambira tsiku limene anapatsidwa dzina. Amayi sakanatha kutsutsa alongo awo pamaso pa ankhoswe, sakanathanso kundiuza kuti Joni ali kuseri kwa malambe. Anangomasula chingwe, podziwa kuti galu atsata abambo, ndipo mwana atsata galu. Ndege zikudutsabe pa chimanga chathu, ana a masiku ano akuzikuwirabe. Ine sindiyang'ananso kumwamba. Munthu akandisowa, ndimayamba ndafunsa ku Lirangwe.