Nyimbo ya Chifalansa imene inkandigoneka ku Al Aziziya

Ena muziti ndikunama, zanu zimenezo, koma izi zinandichitikira ineyo ku Doha zaka zingapo zapitazo, ndili pa kontirakiti ya ulonda. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye musayembekezere kuti ndifotokoza mwaukatswiri.

Ndinkalondera pakhomo la holo ya hotelo ina ku West Bay, ndipo sabata ina gulu lalikulu la oyimba, la mavayolini, zitoliro ndi malipenga, linkayeserera momwemo madzulo ine ndikungoyamba shifiti. Mayi wina ankayimba m'Chifalansa pang'onopang'ono, zoyimbirazo zikumutsata ngati zasokonekera, kenako n'kugwirizananso mpaka tsitsi kukuima. Mnzanga wa ku Cameroon, wokolopa pahotelopo, anandiuza kuti mawuwo ndi ndakatulo ya tulo ndi maloto, ya munthu womira m'tulo wosafunanso kubwerera. Ine tulo ndinali nditatisowa kwa miyezi, choncho nyimboyo ndinaijambula pa foni mobisa.

Inathandizadi. Ndikaweruka m'mawa n'kufika kuchipinda kwathu ku Al Aziziya, ndinkatchinga bedi langa ndi nsalu monga aliyense ankachitira, n'kuvala mahedifoni, basi ndapita. Koma loto linali lomwelomwelo: ndikuyenda mumsewu wa kwathu ku Mponela, ndipo tsiku lililonse ndinkayandikira nyumba yathu kuposa dzulo lake. Mukanakhala inu mukanasiya?

Tsiku lina la ofu, m'nyengo yotentha ija, AC yoziziritsa chipinda chathu inafa ine ndili m'tulo. Tsiku limenelo m'loto muja ndinafika mpaka pakhonde. Mayi anga, amene anamwalira ine ndili kuno osapita n'kumaliro komwe, anandiuza kuti ndatopa, ndilowe, ayala kale mphasa. Ndinayamba kuvula nsapato.

Anandidzutsa ndi bambo ena a ku Chipata, dalaivala wa m'chipinda mwathu, amene ndinkawapatsa moni mokakamizika. Ndinatsegula maso akundithira madzi, lilime litauma, miyendo osaimva. Anandiuza kuti anzathu onse anathawira kuchipinda china chifukwa cha kutentha, ndipo palibe anasuzumira pabedi langa, poti lamulo lathu linali loti nsalu ikatsekedwa munthu sumusokoneza. Tsiku lonse anzathuwo ankangolowa n'kutuluka, ine ndikuthera pompo. Bambowo anangobwerera kudzatenga chaja, n'kumva kupuma kwachilendo kuseri kwa nsalu. Kuchipatala anati ndi kutentha ndi kutha kwa madzi m'thupi, khalasi, ndiye kuti basi m'Chiluya, ndikapume.

Nyimboyo ndinaifufuta, ngakhale sindikhulupirira kuti inali ndi ufiti. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti pakhonde paja ndinalibe mantha ngakhale pang'ono, ndinkafunadi kulowa, ndipo bambo aja atandidzutsa ndinawakwiyira.

Inu amene muli kunja kuno, musamagone popanda munthu wodziwa nthawi imene muyenera kudzuka. Ngakhale akhale woti simugwirizana naye, muuzeni kuti ikakwana nthawiyo, nsaluyo atsegule.